Kuziziritsa kompyuta yokwezedwa liwiro ndi madzi kuno ku Salima, mafani osakuwa

Musanagule ngakhale kapaipi kamodzi, yambani mwagula kachipangizo koyezera kutentha kopachika pakhoma kaja, mukakoleke pomwe kompyuta yanu imakhala, ndipo mukawerenge cha m'ma 2 koloko masana mwezi wa Okutobala kapena Novembala. Nambala imene muionepoyo ndi imene ikuuzeni zogula. Madzi oyenda m'kompyuta sangazizire kuposa mpweya wa m'chipinda chimene muli, zivute zitani. Ntchito yawo ndi kunyamula kutentha pa purosesa kukakutula pa radiyeta, basi, ndipo radiyetayo imakupatsira mpweya womwewo umene inu mukupuma. Anzathu amene amayesa zipangizozi pa YouTube amakhala m'zipinda za madigiri 21 kapena 22. Kuno kunyanja, m'nyumba ya malata yopanda siling'i, masana a chilimwe m'chipinda mumatha kufika madigiri 34 kapena kuposa. Ndiye mukaona wina akunyadira kuti purosesa yake ili pa 72, wonjezeranipo 12 kapena 13, muone ngati mukukondwerabe.

Ine ndimakonza mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, pena ndimajambulanso mawu a makwaya ndi zolengeza. Chipinda n'chimodzi: maikolofoni ili apa, kompyuta ili apo. Purosesa yanga ndi Intel Core i7-12700K ya 2021 ija, imene Intel eni ake amati imafika mawati 190 ikamagwira ntchito yolemera, munthu usanaigwiregwire n'komwe. Ndinaikweza kuti ma core ake akuluakulu 8 aziyenda pa 5.0 GHz onse pamodzi, chifukwa vidiyo ya ukwati wa tsiku lonse imachedwa kutuluka, ndipo eni ukwati amayamba kuimba foni m'mawa mwake momwemo. Koma kompyuta yokwezedwa imatentha, yotentha imakuwa, ndipo maikolofoni ilibe tsankho: fani ikalira, imalowa m'nyimbo limodzi ndi alto.

Yambirani mu BIOS

Kutentha kumene simunakupange simudzavutika nako kukuchotsa. Mphamvu imene purosesa imadya imakwera limodzi ndi liwiro lake, koma imakwera moposerapo ndi voltage, chifukwa m'masamu ake voltage imadzichulukitsa yokha. Kuichotsa pa 1.25 n'kuiika pa 1.35 kumaoneka ngati kanthu kochepa, komatu kutentha kwakwera ndi pafupifupi 17 peresenti liwiro musanalikhudze. Ma motherboard ambiri mukawasiya pa Auto n'kukweza liwiro, amangothira voltage yambiri poopa kuti kompyuta ingazime. Lowani mu BIOS, pulogalamu ya motherboard imene mumailowa poyatsa kompyuta, muchotse pa Auto. Ikani liwiro limene mukufuna, yambani ndi voltage imene ikuyenda bwino, kenako muzitsitsa ndi 0.01 ulendo uliwonse, mukuyesa ndi mapulogalamu olemetsa purosesa, kaye Cinebench, kenako OCCT kapena Prime95 kwa ola lathunthu, pulogalamu ya HWiNFO ili yotsegula pambali kuti muzionera kutentha ndi mawati. Ikauma kapena ikaonetsa sikirini yabuluu, bwererani m'mwamba kawiri. Pamenepo ndiye panu.

Ku Intel zimenezi zimatheka pa mapurosesa othera ndi K, pa motherboard ya Z monga Z690 kapena Z790. Ku AMD ma Ryzen ambiri ndi osatseka pa motherboard ya B kapena X, ndipo kumeneko musavutike n'kukhomerera liwiro limodzi: mu BIOS yatsani PBO, imene imalola purosesa kudzikwezera yokha liwiro, tsitsani Curve Optimizer, imene imachepetsa voltage, purosesa idzipezera yokha liwiro pa voltage yochepa.

100 MHz yomaliza ija isiyeni. Pa 5.0 GHz imeneyo ndi 2 peresenti yokha, pa vidiyo yotenga ola mwapulumutsa mphindi imodzi ndi kanthu, chonsecho m'pamene voltage imafuna kudumpha kwambiri. Kuyesa konseku kuchitike masana a chilimwe. Zimene zakhazikika usiku wa mu Julayi mwera ukuwomba zikhoza kukuchititsani manyazi mu Novembala kasitomala ali chilili pakhomo. BIOS imalola kusunga ma profile. Ine ndili ndi awiri, wa chisanu ndi wa chilimwe, ndipo wa chilimwe ndinautsitsa ndi 100 MHz.

Radiyeta, pomwe ndalama ziyenera kuthera

Lamulo limene anthu amauzana ndi lakuti chipangizo chilichonse chimene mukuziziritsa chipatseni gawo limodzi la radiyeta la mamilimita 120, muwonjezerepo lina limodzi lapadera. Limenelo ndi lamulo la kozizira, komanso la anthu amene phokoso salilabadira. Kuno, purosesa yokwezedwa yokhayo ipatseni radiyeta yosachepera mamilimita 360, ya mafani atatu, ndipo bokosi likalola, ikani ziwiri. Mukalowetsamonso graphics card, imene nthawi zambiri imatentha kuposa purosesa, ziwiri za 360 ndiye poyambira chabe.

Chifukwa chake nachi. Radiyeta imachotsa kutentha molingana ndi mmene madzi aposera mpweya. Munthu wa m'chipinda cha madigiri 22 akhoza kulola madzi ake kukwera ndi 18, akadali pa 40, palibe chovuta. Inu amene mukuyambira pa 34 mukalola zomwezo, madzi adutsa 50, pomwe ogulitsa mapampu ambiri amalemba kuti asapitirire 60, ndipo purosesa nayo ikhala itakwera ndi madigiri omwewo. Ine ndimafuna madzi anga asapose mpweya ndi madigiri opitirira 10, kutanthauza kuti tsiku lotenthetsetsa akhale cha pa 44 kapena 45. Kuti kusiyanako kukhale kochepa chonchi pali njira ziwiri zokha, mafani othamanga kapena radiyeta yaikulu, ndipo yoyambayo ndiye phokoso limene tikuthawa.

Phokoso la fani limakwera msanga kuposa liwiro lake. Mukatsitsa liwiro ndi theka, phokoso limatsika ndi ma decibel pafupifupi 15, pomwe kuwonjezera fani ina yofanana kumangokweza ndi 3. Ndiye mafani 6 ozungulira pa 700 rpm, kutanthauza maulendo 700 pa mphindi, ndi achete kutalitali poyerekeza ndi atatu ozungulira pa 1400, chonsecho mpweya umene akukankha ndi wofanana. Nkhani yonse ya bata yagona pamenepa. Kuwala kwa mafitingi, tizitsulo tolumikizira mapaipi, ndi mtundu wa madzi ndi zokongoletsa.

Poti mafani aziyenda pang'onopang'ono, sankhani radiyeta yopyapyala, ya mamilimita 30, ya tizipsepse totalikirana. Yonenepa ya mamilimita 60 ya tizipsepse tothithikana imaoneka yamphamvu pachithunzi, koma imafuna fani yokankha mpweya mwankhanza, ndipo fumbi lathu la mu Seputembala limaitseka msanga. Mafani akhale a PWM, a mapini 4, amene liwiro lawo limatheka kulilamulira bwino. Arctic P12 ndi otchipa ndipo pa liwiro lotsika samveka. Noctua NF-A12x25 ndi abwino kuposa, koma mtengo wa imodzi mukhoza kugulira ma P12 angapo, ndipo ine ndingasankhe kuwonjezera radiyeta kusiyana ndi kuthera ndalama pamenepo. Bokosi lanu likakhala lolola mafani a mamilimita 140, tengani radiyeta ya 280 kapena 420.

Radiyeta izipuma mpweya wa kunja kwa bokosi, ndipo mpweya wotentha wotuluka pa ina usakalowe pa inzake. Kompyuta musaikankhire kukhoma limene limawombedwa ndi dzuwa la kumadzulo. Likhudzeni cha m'ma 5 koloko mumve. Kumbukiraninso kuti kutentha konseko kukuthera m'chipinda mwanu. Chipinda changa ndimachitseka ndikamajambula mawu, koma nthawi imeneyo kompyuta sikugwira ntchito yolemera. Ikafika nthawi yotulutsa vidiyo ndimatsegula chitseko ndi windo, apo ayi pakatha ola radiyeta imakhala ikupuma mpweya umene yatenthetsa yokha. Amene ali ndi thumba lozama amagula MO-RA3 ya kampani ya Watercool ya ku Germany, chiradiyeta cha kunja kwa bokosi chonyamula mafani 9, n'kuchiika chipinda china mapaipi atadutsa pakhoma. Ndi njira yabwino zedi, koma kulemera kwake mudzakumva polipira ndalama yotumizira.

Wina akuuzani kuti akale ankagwiritsa ntchito karadiyeta ka heater ya galimoto, ndipo m'magaraja a kuno kamapezeka. N'zoona. Koma ka magalimoto a masiku ano n'ka aluminiyamu, ndipo kakale ka kopa kamakhala katadzaza dzimbiri ndi zinyalala zimene zikatseke buloko, chitsulo chokhala pa purosesa chimene madzi amadutsamo, chifukwa timizere ta m'kati mwa buloko n'topyapyala kwambiri. Ine sindingakalowetse.

Aluminiyamu ndi kopa zisakumane m'madzi amodzi. Buloko zabwino zonse ndi za kopa, zina zokutidwa ndi nickel. Radiyeta ikhale ya kopa ndi brass. Mafitingi a brass. Zimenezi zimakhalira limodzi. Mukasakanizamo aluminiyamu, madzi amakhala ngati mlatho wa magetsi pakati pa zitsulo ziwirizo, aluminiyamu imayamba kudyeka, ufa woyera umadzaza m'buloko, mapeto ake radiyeta imabooka. Maradiyeta otchipa kwambiri a pa intaneti ambiri ndi a aluminiyamu. Ikafika, inyamuleni: ikapepuka modabwitsa, unikani ndi tochi m'dzenje lolowera madzi. Kukakhala kwachikasu kapena kofiirira, zili bwino. Kukakhala kotuwa mbuu, ikani pambali.

Nanga AIO, zotseka kale kufakitale zija? Ngati simujambula mawu ndipo mukungofuna purosesa isapse, AIO ya 360 ikukwanirani, ndipo mungoonetsetsa kuti pampu yake si ndiyo ili pamwamba pa zonse, chifukwa mpweya umakaunjikana pamenepo. Koma kapampu kake kamalira mosongoka, zambiri sizilola kuwonjezera radiyeta kapena madzi, ndipo madziwo amaphwa pang'onopang'ono m'zaka. Pantchito yanga sinandikwanire.

Pampu

Mafani akangotsika, chimene muyambe kumva ndi pampu. Mitundu yodziwika ndi iwiri, D5 ndi DDC, yonse inachokera ku kampani ya Laing ngakhale imagulitsidwa m'maina osiyanasiyana. DDC ndi yaing'ono, imakankha mwamphamvu, koma imatentha kunsi kwake ndipo kulira kwake kumalowa m'khutu. D5 ndi yokulirapo, imaziziritsidwa ndi madzi omwewo amene ikupopa, ndipo ikatsitsidwa imangoti zii. Kwa ife a kotentha, D5. Gulani ya PWM yolumikizidwa kale ndi thanki yake, muchepetse malo odontha.

D5 imafika pafupifupi 4800 rpm, koma liwiro lonselo mulibe nalo ntchito. Madzi oyenda lita imodzi pa mphindi amanyamula mawati pafupifupi 70 pa digiri iliyonse imene akwera. Ndiye purosesa ya mawati 210 imawatenthetsa ndi madigiri atatu okha pa liwiro lochepa chonchi, ndipo pa malita awiri ndi digiri imodzi ndi theka. N'chifukwa chake pampu yoyenda theka la liwiro lake imakwanira, n'chifukwa chakenso mkangano woti madzi ayambire ku radiyeta kapena ku purosesa ndi wongotaya nthawi. Yendetsani mapaipi njira yaifupi ndi yosapindika. Lamulo ndi limodzi: thanki ikhale pamwamba pa pampu ndipo izithira m'pampu mwachindunji. M'kati mwa D5 chozungulira chija chimakhala pa kampira kolimba ka ceramic kamene mafuta ake ndi madzi omwewo. Ikazungulira youma imawonongeka msanga.

Phokoso lambiri la pampu si la pampuyo, ndi la bokosi limene ikuligwedeza. Isakhudze chitsulo. Zomangira zina zimabwera ndi timalabala; zikapanda kubwera nato, ine ndinadula chidutswa cha patapata wakale, n'kuikapo siponji yatsopano yotsukira mbale pamwamba, pampu n'kukhala pamenepo, yomangidwa momasuka kuti isagwe. Kuti mudziwe ngati zagwira, kanikizani chala pachitseko cha bokosi pampu ikuyenda: kulira kukasintha, ndiye kuti kunjenjemera kukudutsabe penapake, kawirikawiri pa paipi yaifupi yokokeka kwambiri. Kenako kwezani liwiro pang'onopang'ono khutu lili pafupi. Mupeza malo ena pamene bokosi limang'ung'udza, ndi ena pamene lili phee. Sankhani pa phee, musiye pomwepo, pampu isamasinthesinthe liwiro.

Mapaipi, mafitingi ndi madzi

Tengani paipi yofewa yakuda ya labala wa EPDM, ya 10/16, kutanthauza mamilimita 10 m'kati ndi 16 kunja. Khungu lake n'lochindikala, siipindika wamba pokhota. Yoonekera m'kati ya PVC imatulutsa mafuta ofewetsera pulasitiki, makamaka m'madzi ofunda ngati athuwa, paipi imachita chifunga ndipo zinyalalazo zimakakhala m'buloko. Imalowetsanso kuwala, ndipo kuwala ndi madzi ofunda ndizo ndere zimafuna. Mapaipi olimba a PETG amene mumaona pazithunzi amafewa madzi akatentha kwambiri, akhoza kuvuka pa fitingi. Kuno ayi.

Mabowo onse pa buloko, radiyeta ndi thanki ndi a saizi imodzi, yotchedwa G1/4. Mafitingi akhale omanga ndi mphete yokhwimitsa, a saizi yeniyeni ya paipi yanu. A 10/13 sagwira paipi ya 10/16. Chimene chimatseka madzi ndi kamphete ka labala kali patsinde, choncho tepi yoyera ya mapulambala musaikepo, ndipo mangani ndi dzanja lokha. Pulayala imasweka nayo pulasitiki ya buloko. Muwerengere mafitingi awiri pa chipangizo chilichonse, vavu yotulutsira madzi yoika pansi penipeni ndi chotsekera chake, komanso kasensa koyezera kutentha kwa madzi kolowa pa bowo la G1/4.

Zinthu zimenezi simuzipeza pa Kamuzu Road. Zimachita kuitanitsa, kaya pa intaneti kaya kudzera mwa m'bale wa ku Johannesburg, ndiye muwerengere msonkho ndi masabata odikira. Pachifukwa chimenecho onjezerani mafitingi awiri, okhota awiri, paipi yotalikirapo ndi timphete ta labala tapadera, chifukwa kamphete kamodzi kong'ambika kakhoza kukuimitsirani ntchito mwezi wathunthu. Musanalipire, werengani bwino ngati buloko ili ndi zomangira za soketi yanu, pamene purosesa imakhala pa motherboard, monga LGA1700 kapena AM5.

Madzi a pampopi, a pamjigo, a m'nyanja, ngakhale a mvula a padenga, onse ayi. Zoyera zimene zimamatirira pansi pa ketulo zija ndi zomwezo zikamatirire m'buloko. Amafunika madzi osungunula (distilled water), amene timathira m'mabatire a galimoto, opezeka m'mafilingi siteshoni ndi m'mashopu a zipangizo za magalimoto. Werengani botolo kuti musatenge asidi, ndipo yesani: donthezani pang'ono pa galasi loyera, asiyeni aume. Akasiya chizindikiro choyera, si enieni. Madzi okhaokha sakwana, amafuna mankhwala oletsa ndere ndi dzimbiri. Mayhems X1 amagulitsanso yoti musungunule nokha, yopepuka kutumiza; Aquacomputer DP Ultra imabwera yosakaniza kale. Zikavuta, coolant ya galimoto gawo limodzi pa magawo 9 a madzi osungunula imagwira ntchito m'mapaipi a EPDM, koma ndi poizoni ndipo imatsekemera, ikhale kutali ndi ana. Madzi amitundu okhuthala ngati mkaka aja asiyireni ojambula zithunzi. Tinthu take timadikha n'kutseka njira.

Kumanga ndi kuthira

Radiyeta yatsopano imabwera ndi zotsalira za kuwotcherera m'kati. Thiranimo madzi osungunula otentha, tsekani mabowo, khutchumulani kwambiri, khuthulirani m'mbale yoyera muone timiyala takuda totuluka. Bwerezani mpaka madzi atuluke oyera.

Pomanga mafani pa radiyeta, yang'anitsitsani kutalika kwa masikuluu. Amabwera a mitundu iwiri, aatali odutsa m'fani ndi aafupi omangira radiyeta kubokosi. Lalitali likalowa posayenera limaboola njira ya madzi, radiyeta yatha isanagwire ntchito. Likayamba kulimba musanafike kumapeto, imani.

Pa buloko, chotsani kapulasitiki komata kunsi kwake, pakani thermal paste, phala lodutsitsa kutentha, mopyapyala pa purosesa yonse, khazikani buloko, mangani masikuluu mopingasa, pang'ono uku pang'ono uko, mpaka onse agwire mofanana. Mabowo ake amalembedwa IN ndi OUT, ndipo apa pokha m'pofunika kutsatira, chifukwa madzi amayenera kugwera pakati pa timizere n'kutulukira m'mbali. Paipi muidule mowongoka ndi mpeni wakuthwa, yotalikirapo pang'ono kuti isakokeke, lowetsani kaye mphete, kankhani paipi mpaka patsinde, kenako mangani. Ikakanika kulowa, viikani nsonga yake m'madzi otentha. Mukamaliza, ikokeni iliyonse ndi dzanja; izingoti gwa.

Tsopano zulani mawaya onse a magetsi pa motherboard, pulagi yaikulu ya mapini 24, ya purosesa, ya graphics card ndi a ma disk. Patsale pampu yokha pa power supply. Kuti power supply iyake popanda motherboard, amalumikiza waya wobiriwira wa pa pulagi yaikuluyo ndi wakuda uliwonse. Ma power supply ambiri a masiku ano mawaya ake onse ndi akuda; pamenepo musalote, gwiritsani ntchito kapulagi kolumikiza kale kamene kamagulitsidwa pa ntchito yomweyi, ndipo mukaitanitse limodzi ndi mafitingi. Pansi pa fitingi iliyonse ikani tishu youma.

Thirani madzi m'thanki ndi kafanelo kapena sirinji yaikulu mpaka itatsala pang'ono kudzaza. Yatsani swichi ya kuseri kwa power supply, madzi atsika msangamsanga, zimitsani asanathe. Dzazaninso, yatsaninso, mpaka madzi ayambe kubwerera m'thanki okha. Akatero isiyeni pampu iziyenda usiku wonse, m'mawa muone matishu. Magetsi akazima pakati pa usiku, maola amenewo musawawerengere. Fitingi yodontha imadontha pampu ikamakankha. Tishu ikanyowa, zimitsani, khuthulani, konzani, yambiraninso. Madzi akagwera pa motherboard yopanda magetsi palibe chawonongeka, bola muiumitse masiku angapo musanaiyatse. Amene ali ndi kapampu koyesera ndi mpweya amapopa cha pa theka la bar madzi asanathiridwe n'komwe, n'kuyang'ana ngati muvi ukutsika. Kameneko kamapulumutsa matishu ndi tulo.

Masiku oyamba mumva kuwayawaya m'pampu ndi m'radiyeta. Ndi thovu. Pendeketsani bokosi uku ndi uku pampu ikuyenda, thanki yotseka, koma osafika poti pampu imeze mpweya. Zimitsani, dikirani pang'ono, yatsani pa liwiro lonse. Thovu lalikulu limatuluka tsiku lomwelo, laling'ono limatenga masiku. Muziwonjezera madzi, koma pamwamba pa thanki musiye kampata, chifukwa madzi akafunda amafuna malo. Za phokoso musaweruze thovu lisanathe.

Mafani azimvera madzi

Apa ambiri amagwetsa ntchito yabwino. Mafani akamatsatira kutentha kwa purosesa, mukangotsegula pulogalamu yokonzera mavidiyo ya Premiere purosesa imalumpha kuchoka pa 45 kufika pa 80 m'sekondi imodzi, mafani wuu, kenako phee, kenako wuu. Kukwera ndi kutsikako kumatopetsa kuposa phokoso lokhazikika, ndipo n'kopanda phindu, chifukwa madzi amatenga mphindi zambiri kuti afunde. Kasensa ka m'madzi kaja kalumikizeni pa pulagi yolembedwa T_Sensor ngati motherboard yanu ili nayo, monga ma ASUS ena, apo ayi pa kabokosi kolamulira mafani monga Aquacomputer Quadro, kamene kamasunga malamulo ake pakokha.

Koma musakopere manambala a pa intaneti. Iwo amayamba kukweza mafani madzi akafika pa 30, n'kufika liwiro lonse pa 40. Kuno masana madzi amakhala pa 35 kompyuta ikungokhala, ndiye mafani azikuwa tsiku lonse kuthamangitsa kuzizira kumene kulibe. Chanzeru n'kuika kasensa kena polowera mpweya, mafani azitsatira kusiyana kwa madzi ndi mpweya. Pulogalamu ya aquasuite, yoyendetsera Quadro, imachita zimenezi. Kwa ine, kusiyana kukakhala kosaposa madigiri 5 mafani amayenda cha pa 550 rpm, kukafika 10 amakwera cha pa 900, ndipo liwiro lonse limabwera pokhapokha madzi akafika pa 50. Mukakhala ndi kasensa kamodzi, sinthani manambala nyengo ikasintha. Kawaya kowerengera liwiro la pampu kalowe pa CPU_FAN, kuti pampu ikafa BIOS ikuchenjezeni poyatsa.

Madzi oundana musawalowetse m'nkhaniyi. Kuviika radiyeta m'ndowa ya ayezi kumatsitsa madzi kuposa mpweya, ndipo ndi chinyezi cha dzinja kuno mapaipi ndi buloko zimachita thukuta pamwamba pa motherboard.

Fumbi ndilo lizikupatsani ntchito. Bokosi likhale pa tebulo, lisakhale pansi pomwe tsache limadutsa. Mafani olowetsa mpweya achuluke kuposa otulutsa, kuti fumbi lizilowera pa sefa pokha. Sefa ikapanda kubwera ndi bokosi, dulani gozi wa pawindo. Neti ya udzudzu isiyeni pabedi. Magetsi okongoletsa a m'bokosi azimitseni madzulo, makamaka inu a ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota, chifukwa nkhungu ndi ngumbi zimathamangira kuwala n'kukathera m'tizipsepse ta radiyeta. M'chilimwe pukutani sefa sabata iliyonse ndipo uzirani radiyeta mwezi uliwonse, mutagwira mafani kuti asazungulire.

Manambala awiri akuuzani pamene pavuta. Madzi akayamba kuposa mpweya kwambiri pa ntchito yomweyo, ndi fumbi. Purosesa ikayamba kuposa madzi kwambiri, ndi buloko yotsekeka kapena paste youma. Madzi ndimasintha kamodzi pachaka, mu Seputembala kutentha kusanafike, ndipo m'pamene vavu yapansi ija imaonetsa ntchito yake. Magetsi akazima mwadzidzidzi, mukayatsanso lowani kaye mu BIOS, chifukwa ma motherboard ena amabwezera zonse pa Auto, voltage ndi liwiro la pampu lomwe. UPS imathandiza, ndipo D5 pa liwiro lonse imangodya mawati 23, si imene ingakutherani batire. Kompyuta yamadzi siyonyamula pa kabaza kupita nayo kuukwati. Ikafunika kusamuka, khuthulani madzi, chotsani graphics card, ndipo kumene mwafikako muyesenso kudontha musanalumikize motherboard.